Mphindi 20 madzi osamba asanatenthe

Pa Mateyo 6:6 Ambuye amati munthu akafuna kupemphera alowe m'chipinda chake ndi kutseka chitseko. Nyumba imene timachita lendi ku Kawale kuno ku Lilongwe ili ndi zipinda ziwiri ndi pabalaza, ndipo timagonamo anthu 7, kuphatikizapo apongozi anga ndi mwana wa achemwali anga amene tikumuphunzitsa. Chitseko chimene ndingatseke n'kukhala ndekha ndi cha kubafa basi. Malangizo ambiri a kusinkhasinkha amene ndinkamva ankayankhula ngati aliyense ali ndi chipinda chake ndi ola lathunthu loti palibe womuitana. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina kumsika, ndili ndi ana atatu, ndipo ola lotere sindinalionepo. Komabe kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndi nthawi yanga yachete ndi Mulungu pafupifupi tsiku lililonse. Amayi anzanga a mu Mphakati, kagulu kathu ka Akatolika oyandikana nyumba, akandifunsa kuti ndimatha bwanji, sinditha kufotokoza zonse titaimirira panjira, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Kupemphera sikunali kwachilendo kwa ine. Ndinabadwira m'banja la Chikatolika, Misa sindijomba, ndipo mu Meyi ndi mu Okutobala korona timapemphera monga mwa mwambo. Mavuto akafika ndinkachita novena, mapemphero a masiku 9 otsatizana, ndinkachezera kumapemphero a usiku wonse, ndipo ndinakwerako phiri la Bunda ndi anzanga a mipingo ina, kumene anthu amagona masiku akusala kudya. Zonsezi sindikuzinyoza. Koma mapemphero anga ankatsata mavuto. Zinthu zikathina ndinkapemphera mpaka mawu kusasa, zikapepuka pankadutsa masabata ndisanakhalepo chete pamaso pa Mulungu.

Chaka china minibasi imene bambo a kunyumba amayendetsa inakhala miyezi ili pagalaja, ine ndili ndi ngongole ku banki m'khonde, mwana wamkulu atangosankhidwa kupita ku sekondale. Tulo tinandithawa. Ndinkadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku, mutu n'kuyamba kuwerengetsera ndalama zoti kulibe mpaka tambala kulira. Kuchipatala anandiuza kuti BP yakwera, n'kundiyambitsa mankhwala. M'nyengo ya Lenti chaka chomwecho kuparishi kunali m'bindikiro wa amayi, ndipo pa nthawi yopuma ndinakhala pansi ndi asisitere ena achikulire n'kuwakhuthulira zonse. Ndinkayembekezera kuti andipatsa novena ina yamphamvu kuposa zimene ndinkazidziwa.

"Amayi, tsiku lanu limayamba bwanji?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti ndimadzuka 4 koloko itapitirira pang'ono, n'kukoleza mbaula ndi kutereka madzi osamba, chifukwa abambo, kaya kuli ntchito kaya akukasaka ganyu, ikamakwana 5 amakhala atanyamuka.

"Madziwo amatenga nthawi yaitali bwanji kuti atenthe?"

"Makala akakhala abwino, mwina mphindi 20, Asisitere."

"Nanga inu nthawi imeneyo mumatani?"

Ndinkatsuka mbale za dzulo, kusesa, kapena kungokhala n'kumaona mauthenga pafoni.

"Mbalezo muzitsuka usiku. Mphindi 20 zimenezo muzimupatsa Mulungu tsiku lililonse, ndipo musawonjezere ngakhale mtima utafuna."

Mawu omalizawo anandidabwitsa. Munthu wa Mulungu angakuletse bwanji kupemphera kwambiri? Ndinadzawamvetsa pambuyo pake, nditaona anzanga akuyamba ndi moto atachokera ku m'bindikiro, ola lathunthu m'mawa ndi ola lina usiku, sabata isanathe atasiyiratu. Muyeso woyenera ndi umene ungausunge pa tsiku loipa, mwana atachezera kutsokomola, m'nyumba mulibe shuga, iwe mwini mutu ukuwawa. Makina anga osokera amafuna kadontho ka mafuta pafupipafupi. Wowathira botolo lonse kamodzi pachaka amangodetsa nsalu za makasitomala, makinawo n'kumalirabe.

Chinthu chachiwiri chimene asisitere aja anandichitira ndi kumangirira pemphero pa ntchito imene sindingaizembe. Madzi osamba ndimatereka kaya ndakondwa kaya ndakhumudwa. Choncho m'mawa sindikhala ndi mlandu woweruza woti kodi lero ndipemphere kapena ayi, ndipemphere nthawi yanji. Poto akakhala pamoto, ine ndimakhala pampando. Ndaona kuti anthu ambiri amene amalephera amakhala ndi chikhulupiriro ndithu, koma amasiya pemphero likuyandama, kuti ndipemphera ndikapeza mpata. Mpata kwa mayi wa pabanja sufika.

Zoika nthawi yokhazikika si zatsopano, ndipo si za Akatolika okha. Mnansi wathu ndi bambo wina wa Chisilamu wochokera ku Mangochi, wogulitsa nsomba zouma. Kumzikiti kukamveka kuitana kwa m'bandakucha ndimamva chitseko chake chikutseguka, madzi akukhuthukira m'beseni, kenako mapazi akutuluka pageti. Iwo amaswali kasanu patsiku, ndipo sindinamvepo akunena kuti lero sindikumva bwino mumtima, ndidikire kaye. Danieli ankagwada katatu patsiku, ngakhale lamulo la mfumu litaletsa. Benedict Woyera, amene anakhala ku Italy m'zaka za m'ma 500, anagawira amonke ake tsiku lonse m'nthawi za mapemphero kotero kuti ankamaliza Masalimo onse 150 sabata iliyonse. Onsewa nthawi anaiikiratu, mtima unkachita kuwapeza ali kale pamalo. Poyamba ndinkadalira kuitana kwa kumzikitiko ngati wotchi yanga, koma kumayendera kucha kwa kunja. Mu Novembala dzuwa kuno limatuluka 5 koloko itangopitirira, pomwe mu Juni ndi Julayi limadikira mpaka cha m'ma 6. Abambo amanyamuka nthawi imodzimodzi chaka chonse, ndiye ine ndimayendera alamu. Kuitanako kwangokhala kondikumbutsa kuti sindili ndekha m'maso.

Chimene chimapha pemphero la m'mawa ndi usiku wa dzulo lake. Ukagona 12 koloko, 4 koloko udzadzuka thupi lokha. Kwa ine mdani wamkulu anali foni, makamaka poti bandulo ya usiku imatsika mtengo. Umati ndingoona sitayilo imodzi ya dilesi pa Facebook, kenako uli m'gulu la WhatsApp la akumudzi kumene akukangana za chopereka cha maliro, ukamadzazindikira tambala woyamba walira. Masiku ano ikamakwana 9 koloko foni yaikulu ndimaiika m'kabati pabalaza, ndipo alamu ndimatchera pa kafoni kakale ka mabatani kopanda intaneti. Ndisanagone ndimatsuka mbale, kutunga madzi m'poto, kuyala makala pambaula ndi kuika machesi ndi kapulasitiki koyatsira pambali pake. Baibulo, tochi, pepala ndi pensulo zimakhala m'jumbo imodzi kuseri kwa chitseko. Zikumveka ngati zazing'ono, koma kusaka machesi mumdima kwandidyerapo nthawi yonse ya pemphero, n'kudzutsanso nyumba yonse.

Malo anga ndi pakhonde la kuseri, pa kampando kathabwa. Mbaula imakhala panja nthawi zonse, ngakhale kuzizire bwanji. Apa ndichenjeze amene angatengere njira yangayi: makala oyaka amatulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha anthu m'chipinda chotseka, ndipo umayamba ndi kukugonetsa tulo. Munthu wotseka maso posinkhasinkha sangazindikire n'komwe kuti wayamba kukomoka. Mu Juni ndimavala juzi, masokosi ndi zitenje ziwiri, mapazi n'kuyandikiza kumoto. M'dzinja vuto ndi udzudzu, ndiye ndimafunda miyendo ndi manja. Pabedi sindipemphererapo m'mawa. Ndinayesako, koma bulangete limapambana nthawi zonse.

Ndikakhala pansi ndimachita chizindikiro cha mtanda mosathamanga, msana n'kuwongola, mapazi onse pansi, manja pamiyendo. Ndimapuma mozama kangapo, n'kungomvetsera zimene zikumveka: agalu a kutali, minibasi yoyamba ikuliza injini, makala akuthetheka. Sindilimbana nazo, chifukwa ku Kawale kukhala chete kwenikweni kulibe. Kenako ndimayatsa tochi n'kuwerenga Mthenga Wabwino wa tsikulo. Sinditsegula Baibulo mwachisawawa ngati wochita maere. Mpingo uli ndi ndondomeko yake ya mawerengo: Lamulungu amazungulira zaka zitatu, chaka cha Mateyo, cha Marko ndi cha Luka, ndipo masiku a m'kati mwa sabata ali ndi mawerengo awoawo. Kalendala yake ndimagula kuparishi chaka chikamayamba. Ubwino wake ndi woti sindisankha mavesi ondikomera okha, ndimakumananso ndi ondidzudzula. Ine ndimawerenga Buku Loyera, lija linatuluka mu 1998. Apongozi anga, amene ndi a CCAP ndipo anakalambira mu Chigwirizano, sasiyana ndi Buku Lopatulika lawo lachikuto chong'ambika, ndipo amati Chichewa cha m'Baibulo langa n'chopepuka ngati cha pawailesi.

Ndimawerenga ndimeyo kawiri, milomo ikugwedera, mawu akumveka kwa ine ndekha. Ulendo wachiwiri ndimachedwa dala, ndipo pamene mawu ena andikola ndimaima pomwepo, sindipitirira. Ndipereke chitsanzo cha masiku oyambirira aja, tulo tikundivutabe. Mawerengo anali a pa Marko 4, namondwe panyanja. Nkhaniyi ndinkaidziwa kuyambira ku katekisimu, koma m'mawa umenewo ndinaona kachinthu kamene sindinakalabadirepo: Marko akuti Yesu anali kumbuyo kwa ngalawa, atagona, mutu uli pamtsamiro. Mtsamiro m'bwato la asodzi! Ndinakhala pa mawu amenewo nthawi yonse yotsalayo. Madzi akulowa, amuna akuluakulu akukuwa, iye ali m'tulo tabwinobwino. Ndinamuuza kuti Ambuye, ine bwato langa silinamire n'komwe koma mwezi wonse sindinagone, ndiphunzitseni kugona kumeneko. Palibe mawu amene ndinamva kuchokera kumwamba. Ngongole inalipobe. Koma tsiku lonse ndikupalasa makina, mtsamiro uja unkabwera m'maganizo, ndipo usiku nditadzidzimuka ndinali ndi china choganizira m'malo mwa chiwongoladzanja.

Ndikatha kulingalira mawuwo ndimayankhula ndi Mulungu m'Chichewa changa cha masiku onse, osati cha paguwa. Mphindi zotsala ndimangokhala chete. Maganizo akafuna kuthawa ndimatchula dzina la Yesu mumtima, mogwirizana ndi kupuma kwanga. Madzi akayamba kulira m'poto ndimadziwa kuti nthawi yatha, ndimanena Atate Athu n'kudzuka kukagogoda kuchipinda. Ndinadzamva pambuyo pake kuti njira imeneyi ndi yakale kwambiri, amaitcha lectio divina, ndipo mmonke wina wa ku France dzina lake Guigo anailongosola m'zaka za m'ma 1100 ngati makwerero anayi: kuwerenga, kusinkhasinkha, kupemphera ndi kupumula mwa Mulungu. Asisitere aja sananditchulire dzina lililonse la Chilatini, anangondionetsa kachitidwe kake.

Funso limene amayi anzanga amafunsa kwambiri ndi la maganizo oyendayenda. Amati ine ndikangotseka maso ndimapezeka ndili kumsika. Nanenso n'chimodzimodzi, mpaka lero. Ukangoti ukhale chete, zipi ya dilesi la mkwatibwi imene sunagule imatulukira, kenako fizi, kenako yankho lakuthwa limene ukanawapatsa alamu ako pa mkangano wa mwezi watha. Pepala ndi pensulo zija ntchito yake ndi imeneyi. Chinthu chikakhala chofunika kuchita lero, ndimalemba mawu amodzi, "zipi", n'kubwerera. Mutu ukadziwa kuti nkhaniyo yasungidwa umaisiya. Zina zonse ndimangozizindikira n'kubwerera ku mawu a tsikulo, osadzikalipira, chifukwa kudzikalipira nakonso ndi ulendo wina wa kumsika. Koma pali maganizo ena amene si osokoneza ayi. Munthu mmodzimodzi akamangobwera m'maganizo m'mawa uliwonse, makamaka amene ndakwiya naye, ndinaphunzira kusiya kumuthamangitsa. Ameneyo ndiye nkhani ya pemphero la tsikulo.

Kusinza nako kumabwera, makamaka mu Disembala. Ndimasukusula ndi madzi ozizira ndisanakhale pansi, ndipo zikavuta ndimawerenga choimirira.

Chovuta kuposa zonsezi ndi kuuma. Miyezi yoyamba inali yokoma, mawu ankandikhudza, nthawi zina misozi inkatsika. Kenako zonse zinangoti zii. Ndinkawerenga ngati ndikuwerenga risiti, ndinkakhala chete ngati ndili pamzere wa kuchigayo, khutu lili kupoto kuti alira liti. Zinatenga miyezi. Apa ndi pamene anthu ambiri amasiyira, poganiza kuti Mulungu wawakana, kapena kuti njirayo ndi yolakwika, n'kuyamba kusaka mneneri woti awatsegulire kumwamba. Ine chinandigwira ndi kumva kuti oyera mtima akuluakulu anadutsamo momwemo. Teresa wa ku Avila, sisitere wa ku Spain wa m'zaka za m'ma 1500 amene Mpingo umamutenga ngati mphunzitsi wa pemphero, anavomera yekha kuti kwa zaka zambiri ankakhala m'pemphero akungomvetsera kuti wotchi ilira liti kuti ola lithe. Mother Teresa wa ku Calcutta, amene asisitere a chipani chake ali ndi nyumba yosamalira ana kuno ku Kawale, anamwalira mu 1997 anthu akumuona ngati munthu woyenda ndi Mulungu phewa ndi phewa. Makalata ake atasindikizidwa mu 2007 zinadziwika kuti kwa zaka pafupifupi 50 mumtima mwake munali mdima, samamva kalikonse, koma m'mamawa uliwonse ankapezeka m'tchalitchi.

Ignatius wa ku Loyola, msilikali uja anaphwanyidwa mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona mu 1521 n'kudzayambitsa chipani cha Ajezuiti, anasiya langizo limene ndimaligwiritsa ntchito ngakhale pa nkhani za m'banja: pa nthawi ya mdima usasinthe chimene unatsimikiza pa nthawi ya kuwala. Ndiye ndinangopitiriza kukhala pa kampando kaja. Sindinganene kuti tsiku lakuti kuumako kunatha. Kunangopepuka pang'onopang'ono, ndipo kumabwererabe nthawi zina. Chimene chinasintha n'choti ndinasiya kuyeza pemphero ndi misozi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero agogo anga, ngakhale iwo ankanena za kudikira mvula.

Masana ndi madzulo ndili ndi tizigawo tiwiri tating'ono. Ikakwana 12 koloko ndimaimitsa makina n'kunena pemphero la Angelus, lija lokumbukira mngelo atafika kwa Maria, chamumtima ngati pali kasitomala. Silitenga mphindi ziwiri, koma limadula tsiku pakati, ndipo kangapo landipeza ndili pafupi kuyankha munthu mwano. Usiku, nditatha kuyala makala, ndimakhala mphindi 5 kuunika tsikulo monga Ignatius yemweyo ankaphunzitsira. Ndimayamba ndi kuthokoza, potchula zinthu zenizeni: kasitomala amene walipira osanenerera, mwana amene wadya bwino. Kenako ndimaliyenda tsiku lonse kuchokera m'mawa, kuona pamene mtima unali pamtendere ndi pamene unatembenuka. Ndikapeza cholakwa ndimapepesa, n'kupempha thandizo la mawa. Kuunika kumeneku kunandionetsa chinthu chimene sindikanachiona: mkwiyo wanga wambiri umabwera cha m'ma 2 koloko masana ndikakhala kuti sindinadye. Ndinkaupempherera ngati chiwanda, chonsecho unkafunika mbatata yophika m'kontena.

Tsopano za masiku amene ndondomeko imasweka, chifukwa kuno kwathu imasweka ndithu. Maliro sapangana ndi munthu. Ukapita kumudzi umagona m'nyumba ya siwa ndi amayi ena, nyimbo usiku wonse, m'mawa uli kumadzi ndi kumaphikidwe. Mwana akagonekedwa m'chipatala umakhala gadiyani, kugona pansi pa bedi. Mu Disembala maoda a zovala za Khirisimasi ndi zaukwati amandigoneka mochedwa, ndipo sukulu zikamatsegulira ndi mayunifomu. Pa masiku otere ndili ndi muyeso waung'ono umene sinditsika nawo: chizindikiro cha mtanda, vesi limodzi la pamtima, kupuma mwachete pang'ono, ndi Atate Athu. Mphindi 3 zimakwana. Pamaliro ndimachita zimenezi ndikupita kumjigo, ndowa ili m'manja. Kuchipatala ndinkachitira pampopi pochapa matewera. Cholinga chake n'choti ulusi usaduke, kuti ndikabwerera kunyumba ndisakhale ngati woyamba kumene.

Tsiku likadutsa osapemphera n'komwe, sindibweza. Sindinena kuti mawa ndichita mphindi 40. Pemphero likasanduka ngongole umayamba kulizemba monga umazembera munthu amene unamukongola, ndipo ngongole ndili nazo kale zokwanira. Ndimangodzuka mawa lake n'kukhala pampando ngati palibe chachitika.

Pali mnzanga wina wa mpingo wina, wogulitsa mandasi, amene nayenso amadzuka nthawi yomweyo. Tinapangana kuti aliyense akakhala pansi kuti ayambe, aziflasha mnzake kamodzi pa kafoni kaja. Palibe kuyankhulana, palibe kutumizirana mavesi. Akapanda kuflasha masiku angapo ndimadutsira pa benchi pake n'kufunsa, "Asisi, kwagwanji?" Nthawi zambiri yankho limakhala loti mwana akudwala kapena mayunitsi anatha. Iyenso amandifunsa chimodzimodzi. Zotumiza m'magulu a WhatsApp kapena kuika pa status kuti ndadzuka 4 koloko kupemphera ndinazikana. Vesi lomwe lija la Mateyo 6 lili pakati pa machenjezo a anthu opemphera kuti awaone, ndipo mtima wanga ndimaudziwa, umakonda kuyamikiridwa.

A m'nyumba sanazilandire tsiku limodzi. Abambo poyamba ankaitana ali m'chipinda, "Mayi a ana, malaya anga aja ali kuti?" Sindinakangane nawo. Ndinayamba kusita malayawo usiku n'kuwapachika pa msomali umodzimodzi, kuitanako kunatha kokha. Apongozi anandiyang'anitsitsa kwa sabata zingapo, kenako tsiku lina anandifunsa, "Apongozi, kodi mwalowa za mafelosipu?" Nditawaonetsa kuti ndi Baibulo lomweli basi, anangoti, "Chabwino, bola musamakuwe." Masiku ena tulo tikawathera amatuluka ndi mkeka wawo n'kukhala chakumbali, kung'ung'udza nyimbo ya m'buku lawo motsitsa. Ana sindiwakakamiza kudzuka nane. Korona wa pabanja timapemphera madzulo m'miyezi yake, ndipo nthawi imeneyo ndi ya tonse, koma ya m'mawa ndi yanga. Wamng'ono akadzuka n'kunditsatira ndimangomuika pamiyendo n'kumufunditsa chitenje, kawirikawiri amagonanso.

Anthu amafuna kumva kuti chinasintha n'chiyani, ndipo ena amakhumudwa ndi yankho langa. Ngongole ija tinaibweza ndi thukuta, pang'onopang'ono, palibe envelopu imene inagwa kuchokera kumwamba. Mankhwala a BP ndikumwabe ndipo kusikelo ndimapita pa tsiku lake. Izi ndikuzinena molimba chifukwa ndaikapo m'manda anthu amene anasiya mankhwala a BP, a shuga ngakhale ma ARV atauzidwa kuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro. Kusinkhasinkha kumakhazika mtima pansi, koma sikulowa m'malo mwa dokotala. Wodwala shuga, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa asayambe kusala kudya asanafunse kuchipatala. Ndipo ngati chisoni chakhazikika miyezi, chakudya sichikulowa, maganizo ofuna kudzipha akubwera, kumeneko si kuuma kwa pemphero kuja, ndi matenda ofunika kuuza munthu ndi kupita nawo kuchipatala msanga.

Chimene chinasintha ndi kampata kakang'ono pakati pa chimene chandichitikira ndi chimene ndiyankhe. Kasitomala akabweza dilesi limene ndinachezera nalo, akuti silikumukhala chonsecho ndi iye wanenepa, kale mawu ankatuluka ndisanawaganize. Pano nthawi zambiri ndimayamba ndapuma, n'kutenga tepi kumuyezanso. Si nthawi zonse, ana anga angachitire umboni. Tulo tinabwerera, mwina theka chifukwa cha pemphero, theka chifukwa cha foni yogona m'kabati. Ndipo Baibulo, limene kale ndinkangolimva Lamulungu, tsopano ndimalidziwa ngati njira ya kumsika, ndi mabampu ake omwe.

Sikuti aliyense achite 4 koloko m'mawa. Yesu ankadzuka kusanache kupita kwayekha, monga Marko 1:35 akunenera, koma ankapempheranso madzulo ndi usiku. Chofunika ndi kupeza ntchito imene mumaichita tsiku lililonse mosalephera, yokhala ndi kudikira m'kati mwake, n'kuikapo pemphero pamenepo. Achimwene anga ndi mlonda, m'mawa amafika kunyumba ali thapsa. Iwo nthawi yawo ndi pakati pa usiku, akamaliza kuzungulira mpanda, amakhala m'kanyumba ka pageti ndi Salimo limodzi, maso ali otsegula chifukwa ntchito yawo silola kutsinzina. Msuweni wanga amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg amakwera takisi pafupifupi ola lathunthu m'mawa, ndipo korona wake amathera m'menemo, dzanja lili m'thumba la jekete. Mnzanga wa mandasi uja amadikira mtanda kuti ufufume. Mphunzitsi wina wa mu Mphakati wathu amafika kusukulu ana asanabwere, n'kudzitsekera m'kalasi mphindi 15 asanayambe kulemba pabolodi.